Zilonda Zabodza za Mzime

Nyumba ya kalipentala uja inali yaing'ono, koma munthu ukalowamo unkadziwa kuti muli mtendere. Pakhonde panali benchi lopalirapo matabwa, pabalaza panali makina osokera a mayi, ndipo kuseri kwa chitseko kunali msomali wopachikapo mikeka yoswalira, imene Asilamu amapemphererapo. Ana analipo awiri okha. Wamkulu, wamkazi, anali atakwatiwa ndipo ankakhala kuseri kwa msika. Wamng'ono anali mnyamata, ndipo aliyense ankangomuitana kuti Mzime poti ndiye anali womaliza kubadwa. Dzina lake lenileni ngakhale anzake a kumadrasa, sukulu ya chipembedzo, anali ataliiwala.

Mzime anayamba kusala kudya ali wamng'ono, asanakakamizidwe n'komwe. Ramadani ikafika ankalimbirana ndi mlongo wake kuti aone wofooka ndani, ndipo mayi awo ankanyadira akamauza anzawo kuti, "Wangayu ndiye sasewera nazo."

Chaka chimene Mzime anamaliza sukulu, bambo ake anawapeza ndi matenda a shuga. Achipatala anawaletsa kusala. Shehe wa pamzikiti wawo anawatonthoza kuti Mulungu sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake. Anawauza kuti wodwala matenda ochira amabweza masiku akachira, koma wodwala matenda osachiritsika amadyetsa wosauka m'malo mwa tsiku lililonse. Bambowo anamvera, koma mtima unawapweteka. Tsiku loyamba la Ramadani imeneyo Mzime anawapeza atadzitsekera kuchipinda, buledi ali m'manja, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Anthu onse ali pakhomo la Mulungu, ine ndili panja," anatero bambowo.

Mnyamatayo anaiona misoziyo, koma chimene chinamukhala mumtima si misozi ayi. Chinali buledi uja.

Chaka chotsatira Mzime anayamba kuphunzira kumeta m'babashopu ina ya pafupi ndi siteji ya basi. Kanali kachipinda ka malata, ka mipando iwiri ndi galasi long'aluka pakona. Kumbuyo kunali katani yofiira yobisa ndowa, tsache ndi kabenchi. Womuphunzitsa anali mnyamata wina wokulirapo amene anthu ankamutcha Dokotala, chifukwa anakolopako m'sitolo ya mankhwala ndipo kuchokera pamenepo panalibe matenda amene sankawadziwa. Nayenso anabadwira m'banja la Chisilamu, koma mphumi yake inali itaiwala kale mkeka.

Ramadani inafika nthawi yotentha. Masana malata ankachita kulira, tsitsi lometedwa n'kumamatira pakhosi ndi thukuta. Tsiku lina makasitomala atatha, Dokotala anatuluka kuseri kwa katani akupukuta pakamwa, botolo la madzi ozizira lili m'manja.

"Aise, milomo yakoyo yachita kung'aluka ngati chidendene. Imwa madzi, ufera chiyani?"

"Ndasala."

"Ndikudziwa kuti wasala. Koma si inu nomwe mumanena tsiku lililonse kuti Mulungu ndi wachifundo, wokhululuka? Mumangonena pakamwa, simukhulupirira. Ine ndiye ndimakhulupirira kuposa nonsenu." Anaseka, n'kuika botololo pansi pa galasi. "Tsiku limodzi lokha. Udzabweza nthawi yozizira, dzuwa likamalowa msanga. Chipembedzo chimalola kubweza, si choncho?"

"Chimalola odwala ndi apaulendo."

"Nanga iwe ukuoneka ngati wamoyo?"

Botololo linali kuchita thukuta. Mzime analiyang'ana, anayang'ana pakhomo, kenako analitenga n'kulowa nalo kuseri kwa katani. Atamwa anaima chete, kudikira kuti mwina chinachake chichitika. Denga silinagwe. Panja mabasi anapitiriza kuitanira anthu.

Madzulo a tsikulo azana, kuitana kwa pemphero, italira kumzikiti kuti nthawi yomasula kusala yakwana, mayi ake anamupatsa iye kapu yoyamba ya madzi. "Masula mwana wanga, wapsa nalo dzuwa lija." Mzime analandira ndi manja awiri, ndipo pemphero lomasulira analinena mokweza kuposa onse.

Tsiku limodzi lija linabala anzake. Madzi anasanduka tiyi, tiyi anasanduka mbale ya mpunga kuseri kwa katani. Woyamba kukayika anali mlongo wake, amene anabwera kudzamasulira kwa makolo.

"Iwe, munthu wosala sadya chonchi. Ukungojompha ngati nkhuku yokhuta."

"Achemwali, mwayamba kundiwerengera zakudya m'kamwa?"

Bambo anaika supuni pansi. "Mzime, tandiyang'ana. Ukamaswali anthu amakuona. Ukapereka kwa osauka, wolandirayo amadziwa. Koma kusala kuli pakati pa iwe ndi Mulungu wako basi. Ukanama pamenepo, ukuganiza kuti wanamiza ndani?"

"Sindikunama, ababa."

"Ngati wagwa, nena. Tidzuka nawe. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Umenewo unali mpata woti alape nkhani isanakule. Iye anagwira pamimba n'kukwinya nkhope. "M'mimbamu ndi mmene mukundipweteka. Sindimafuna kukudandaulitsani."

M'mawa mwake anakafotokozera Dokotala, ndipo Dokotala anaomba m'manja. "Wayamba kuchenjera! Zimenezo ndi zilonda za m'mimba. Matenda abwino kwambiri amenewo, saoneka kunja." Anamupezera botolo la mankhwala oyera ngati mkaka, n'kumuphunzitsa zonena: kuti mumaotcha ngati moto, kuti njala ndiyo imazitukusira, kuti achipatala aletsa kukhala osadya.

Bambo atamva, anafuna kupita naye okha kuchipatala. Mzime anati wapitako kale, n'kuonetsa botolo lija. Kalipentala uja, munthu amene sananamepo ngakhale pa mtengo wa mpando, sanaganize kuti mwana wake anganame ndi matenda. Anamugwira paphewa.

"Pepa mwana wanga. Ululu woona anzako akusala iwe ukudya ndikuudziwa. Undikhululuke poti ndinakukayikira."

Tangoganizani, bambo kupepesa kwa wabodza! Ndipo Mzime anayankha kuti, "Palibe kanthu, ababa."

Kuyambira tsikulo mayi ake, ali chisalire, ankasiya makina masana n'kukamuphikira phala la mkaka. Ankalilawitsa kwa mwana wa neba kuti adziwe ngati shuga wakwana, n'kuliika m'kontena, n'kuyenda nalo padzuwa mpaka kubabashopu. Milomo yawo ili gwa, ankaima pakhomo mpaka aone kuti wayamba kudya. Akangokhota pakona, Dokotala ankabwera ndi supuni yake.

Ramadani inatha, nyengo yozizira inafika n'kudutsa. Mayi anamufunsa kangapo konse. "Masiku aja wayamba kubweza? Paja ukuoneka kuti wapezako bwino."

"Ndiyamba mwezi wamawa, amayi."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana wanga. Ngongole ya Mulungu siiwalika."

Ramadani ina itayandikira, Mzime anaona kuti zavuta. Anabwera ndi bodza lalikulu kuposa loyamba. Anati achipatala amuuza kuti zilonda zakezo sizidzapola, azingokhala nazo moyo wake wonse. Mayi ake analira tsiku lonse. Kenako anapukuta misozi, nati, "Basi, tizikudyetsera osauka ngati mmene timachitira ndi abambo ako."

Pakhomopo chakudya sichinali chotayira. Matenda anali atachepetsa mphamvu za bambo, ndipo mipando sinkatuluka ngati kale. Mayi anayamba kulandira mayunifolomu a sukulu ochuluka kuposa mmene msana wawo ukanathera. Lachisanu lililonse m'Ramadani ankayeza mpunga m'majumbo awiri, ina ya bambo, ina ya Mzime. Unali wopita kwa mayi wina wamasiye wa ana ang'onoang'ono, amene ankakhala kumapeto kwa msewu wa kuchigayo. Kale ankakapereka okha, koma tsopano miyendo inali itayamba kutupa ndi kupalasa makina. Anatuma Mzime.

"Ukangomupatsa n'kubwerako," anatero bambo. "Usakamuchezetse, angachite manyazi. Ndipo sitifuna kuti abwere kudzathokoza."

Ulendo woyamba anakaperekadi. Ulendo wachiwiri anadzera kubabashopu, majumbo ali m'manja.

"Zikupita kuti zimenezo?" anafunsa Dokotala.

"Kwa osauka."

"Osauka? Tandiyang'ana nsapato zangazi. Wosauka woposa ine ndi iwe alipo m'tauni muno? Ndiye jumbo inayo si yako yomwe? Munthu saba chake."

"Nanga ya ababayi?"

"Mulungu amaona mtima. Abambo ako apereka kale mumtima mwawo, zawo zatheka. Tiye."

Kuseri kwa siteji kunali bala ina imene mwini wake, mayi wina, ankaphikanso zakudya. Mayi ameneyo analandira mpungawo osafunsa kumene wachokera, n'kuwaikira mabotolo patebulo. Tsiku limenelo, Lachisanu, m'mwezi wa Ramadani, anthu akuchokera kumzikiti, Mzime analawa mowa koyamba. Anaugula ndi chakudya cha ana amasiye.

Sikuti machenjezo anasowa. Tsiku lina shehe anabwera kudzametetsa, ndipo anakhala pampando wa Mzime. Mnyamatayo anali atatafuna maswiti onunkhira kuti abise fungo. Shehe anamuyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Ndamva za matenda ako. Mulungu akuchize, ngati ukudwala."

Mzime anapitiriza kumeta, osayang'ana pagalasi.

"Ukudziwa," anapitiriza shehe, "chilolezo chimene Mulungu anapatsa odwala chili ngati ndodo ya wolumala. Wolumala akaitsamira, palibe mlandu. Koma wamiyendo yabwino akailanda kuti azipemphetsera, ameneyo akunyoza wolumalayo, akunyozanso amene anapereka ndodoyo. Chepetsako pang'ono kumbuyoku."

Shehe atatuluka, Dokotala anatsanzira mayendedwe ake mpaka Mzime anaseka. Mawu aja anathera m'phwete.

Mowa sukhala kuseri kwa katani nthawi yaitali. Mzime anayamba kufika kunyumba akusanza, maso ali psuu. Ankalowera khomo la kuseri bambo ali kumzikiti, n'kukagona chafufumimba. Mayi ake, amene fungo la mowa sankalidziwa n'komwe poti m'nyumba mwawo sunalowemo, ankati ndi mankhwala aja asakanikirana ndi zilonda. Ankakolopa masanzi, n'kumuika nsalu yonyowa pamphumi.

"Ya Allah, matendawa mukanangondipatsa ine," ankatero.

Ramadani yotsatira mayiwo anadwaladi. Malungo anawagwetsa pakati pa mwezi, ndipo anadumphitsa masiku angapo. Atangochira anayamba kubweza, Lolemba ndi Lachinayi. Koma nthawi yomweyo Mzime anali atanyanya kumwa, ndipo mayi ankati zilonda zafika poipa. Kunkafunika mkaka, kunkafunika mazira, kunkafunika botolo lina la mankhwala oyera aja. Anawonjezera ntchito, ndipo thupi lawo silikanatha kupalasa makina tsiku lonse lili ndi njala.

"Ndimaliza masiku anga mwanayu akapezako bwino," anauza mwana wawo wamkazi, amene pa nthawiyo anali ndi khanda la miyezi yochepa.

Sanamalize. Tsiku lina m'mawa makina anangoleka kulira. Bambo atalowa anawapeza ataweramira pa yunifolomu yosatha, mbali imodzi ya nkhope itakhota.

Kuchipatala anakhalako masiku awiri. Lilime linali lolemera, koma anayesetsa kulankhula. Anagwira dzanja la mwana wawo wamkazi. "Masiku anga aja sanathe. Ukudziwa amene atsala. Musandisiye nawo."

"Musadandaule amayi, ndamva."

Kenako maso awo anafunafuna Mzime, amene anaima kumiyendo kwa bedi. Mnyamatayo anasendera pafupi. Mawu anamufika pakhosi, ndipo akanati atsegule pakamwa akanatuluka. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana mlongo wake, n'kuwameza.

"Iwe usayese kusala, wamva?" anatero mayiwo. "Uzimwa mankhwala. Uzidya pa nthawi yake."

Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza kwa iye. Anapita kumanda akudandaula za zilonda zimene kunalibe.

Maliro atatha, banja linakhala pansi ndi shehe. Iye anafotokoza kuti munthu akamwalira ali ndi masiku amene akanatha kubweza, abale ake angathe kumusalira, kapena kudyetsa osauka m'malo mwake. Anawonjezera kuti ngati osala alipo angapo, angathe kugawana masikuwo.

"Ine sindingathe," anatero bambo. "Mzime nayenso sangathe. Tidyetse osauka."

"Ayi ababa," anatero mlongo uja. "Amayi anagwira dzanja langa. Ndisala ine."

Mwamuna wake anakana. "Uli ndi mwana wa kubere iwe, ndipo kunja kukutentha chonchi. Dikira ayambe kudya."

"Amayi anadikira, ali kuti lero? Sindidikira."

Shehe anamuuza kuti chipembedzo sichikumukakamiza, koma iye anali atatsimikiza. Pamenepo shehe anatembenuka n'kuyang'ana Mzime. Mnyamata wamphamvu, wa mimba yabwinobwino, akanatha kusenza masiku onsewo osamva kanthu. Chinkafunika ndi kungonena kuti, "Ndinanama." Mzime anaweramitsa mutu n'kumakanda mkeka ndi chala. Anasankha kusunga mbiri yake, n'kusiya katunduyo pamutu pa mayi woyamwitsa.

Mlongo wake anayamba kusala motsatizana. Mkaka unachepa, khanda linayamba kulira kosatonthozeka, iye n'kumaonda maso akulowa m'kati. Mzime anasiya kupita kunyumba kwa mlongo wakeyo. Ankati akaganiza za nkhaniyi mtima umamuluma, ndiye ankauziziritsa ndi botolo.

Tsiku lina masana mlongo uja akutsika masitepe a kumsika, mwana ali m'manja, anachita chizungulire. Anagwa, ndipo khanda linamenyetsa mutu pakona ya sitepe. Amayi ogulitsa masamba anakuwa, ena n'kuthamanga nawo kuchipatala, wina n'kukauza kalipentala.

Bambowo anataya chopalira matabwa n'kuthamangira kubabashopu kuti akatenge Mzime apitire limodzi. Anapeza mipando ili yokha, wailesi ikulira. Kuseri kwa katani kunkamveka kuseka. Anaikoka katani ija.

Mzime anali pakabenchi, botolo la mowa lili pakati pa miyendo, m'manja muli nyama yootcha yofiira ndi tsabola. Dokotala anali pambali pake akunyambita zala.

Bambo anayang'ana botolo, anayang'ana tsabola uja, kenako nkhope ya mwana wawo.

"Zilonda za m'mimba," anatero motsitsa.

"Ababa, ndi lero lokha..."

"Khala chete! Munthu wa zilonda amadya tsabola chonchi? Amatsitsira ndi mowa? Ndiyankhe ngati mwamuna. Unadwalapo iwe?"

Amene anayankha anali Dokotala, ataimirira kale n'kumasendera kukhomo.

"Madala, ine musandiikemo. Ndinkamuletsa ine ameneyu. Ngakhale za mpunga zija ndinamuuza kuti si bwino, chakudya cha amasiye sagulitsa."

"Mpunga uti?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma uyu analankhula mpaka kuulula zimene sanafunsidwe. Atazindikira kuti waonjeza, anatulukira pakhomo osatembenuka, n'kumusiya mnzake yekha.

Bambo anatembenukira kwa Mzime. "Mpunga umene amayi ako ankayeza Lachisanu? Wanga uja? Sunkafika?"

"Unafika kamodzi," ananong'ona Mzime.

"Kamodzi!" Mawu awo anamveka mpaka kusiteji, ndipo anthu anayamba kusonkhana pakhomo. "Ine ndimagona ndi mtendere kuti ngongole yanga kwa Mulungu ikulipidwa, pamene iwe ukuimwera mowa! Ana amasiye akugona ndi njala, chakudya chawo chili m'mimba mwako! Amayi ako anayenda padzuwa ali chisalire kukubweretsera phala. Anafera pamakina kusokera mkaka wako. Ine ndinakupepesa, Mzime. Ndinakupepesa ine, bambo ako! Ndipo pano mlongo wako ali kuchipatala, wagwa ndi njala imene inali yoti usenze iwe, mwana wake wang'ambika mutu. Iwe uli pano ukunyambita tsabola!"

Anakweza dzanja. Mzime anatsinzina, koma khofi silinabwere. Bambo analitsitsa dzanjalo pang'onopang'ono.

"Sindikumenya. Ndingadetse dzanja loswalira. Usanditsatire."

Mzime anakhala pakabenchi paja mpaka dzuwa linapendeka. Anthu ankasuzumira n'kumaloza. Kenako anadzuka, anasamba kumaso pa ndowa ija, n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala.

Anapeza mlongo wake atakhala pabenchi la panja pa chipinda cha ana. Khanda linali litasokedwa pamphumi ndipo linali mtulo m'manja mwa mwamuna wa mlongo wakeyo. Achipatala anati likhala moyo, koma chipsera sichidzachoka. Mzime anagwada pasimenti.

"Achemwali, ndalakwa. Sindinadwalepo. Masiku a amayi amene atsala ndipatseni ine. Ndiyamba mawa."

Chapatali azana inayamba kulira. Mlongo wake anatenga kapu ya madzi imene inali pambali pake kuyambira masana, imene anamwino anamuchonderera kuti amwe iye n'kukana. Ananena pemphero, n'kumwa pang'onopang'ono mpaka kutha. Kenako anamuyang'ana.

"Lero linali lomaliza. Ndamaliza ndekha. Palibe chatsala choti uwachitire."

"Achemwali..."

"Unali pomwepo amayi akundigwira dzanja. Unali pomwepo shehe akunena kuti tingagawane. Unandiona ndikuonda, unamumva mwanayu akulirira bere louma. Pakamwa pako panali potseka. Lero wagwidwa ndiye wadziwa kugwada? Choka, usandionjezere machimo pa tsiku limene ndasalira amayi anga."

Kunyumba sakanapita. Anagona m'babashopu, ndipo m'mawa mwini malowo anabwera kudzamulanda makiyi, nati safuna zochititsa manyazi pa bizinesi yake. Dokotala anali atanena kale kuti mowa ankalowetsamo ndi Mzime.

Anapita kumzikiti nthawi imene kunalibe anthu. Anapeza shehe akusesa pakhonde, ndipo anamuuza zonse, osasiyako kanthu.

"Shehe, Mulungu angandikhululukire ine?"

Shehe anatsamiritsa tsache kukhoma. "Funso limeneli ukulifunsa lero, pamene yankho lake wakhala ukulidya zaka zonsezi? Unkati Mulungu ndi wokhululuka, n'kumapukutira pakamwa chifundo chake ngati kansalu ka patebulo. Ndakwiya nawe, ndipo sindikubisira." Anapuma kaye. "Koma khomolo si langa kuti ndikutsekere. Inde, angakukhululukire. Palibe tchimo lalikulu kuposa chifundo chake, ndipo kutaya mtima ndi tchimo linanso. Bola ulape imfa isanabwere, mzimu usanafike pakhosi."

Mzime anayamba kulira.

"Lira, koma umve. Kulapa si misozi yokha. Usiye zimene umachitazo lero lomwe, ndipo utsimikize kuti sudzabwererako. Masiku onse amene unadya mwadala uwabweze, limodzi ndi limodzi. Ngati sukudziwa kuchuluka kwake, sala mpaka mtima wako utsimikize kuti wakwanitsa. Mpunga umene unkati ndi wako sunafafanize ngakhale tsiku limodzi, poti sunali wodwala. Zimenezo ndi za pakati pa iwe ndi Mulungu, ndipo ndi zopepukirapo. Zolemera ndi za anthu. Chakudya cha amasiye chija ukabweze ndi thukuta lako, ukawauze ndi pakamwa pako chimene unachita. Bambo ako ndi mlongo wako ukawapemphe, ngakhale akubweze kangati."

"Nanga amayi?"

Shehe anatenganso tsache lija. "Amayi ako sungawapemphenso. Uziwapempherera, uzipereka sadaka kwa osauka m'dzina lawo. Zotsalazo mukakambirana pa tsiku la chiweruzo. Chimenecho uyenda nacho."

Mzime anapeza ganyu yonyamula matumba a simenti pamalo ena omanga, n'kumagona m'kachipinda ka alonda. Anayamba kubweza masiku ake. Apa m'pamene anadziwa chimene anataya. M'Ramadani munthu amasala ndi anzake, mzikiti umadzaza, madzulo pamakhala wokupatsa madzi. Iye ankasala yekha, miyezi wamba, fumbi la simenti lili kukhosi, anzake akudya pamaso pake n'kumamuseka. Dzuwa likalowa ankamasula ndi madzi a pampopi, ali chiimire.

Thumba loyamba la mpunga analisenza pamutu mpaka kumapeto kwa msewu wa kuchigayo. Mayi wamasiye uja anamvetsera nkhani yonse ali pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Ndiye unali iwe? Ine ndinkati amayi ako anditaya, mpaka ndinawasungira mawu mumtima, Mulungu andikhululukire. Nthawi imeneyo mwana wanga wamkulu anasiya sukulu n'kuyamba kupempha pasiteji. Mpaka lero sanabwerere. Ika pamenepo mpungawo. Ndiulandira chifukwa ana ali ndi njala. Zokhululukazo undipatse nthawi."

Bambo ake anamubweza pakhomo kangapo. Patapita miyezi, tsiku lina anamupeza ataima pageti dzuwa likulowa, milomo itauma, ndipo sanamuthamangitse. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu ya madzi, n'kuiika pabenchi la matabwa. Mlongo wake anatenga nthawi yoposa pamenepo. Pano amayankha salamu yake akamupatsa moni, koma sacheza naye ngati kale. Mwana uja akukula bwino, ndipo amawakonda amalume ake. Akawakhalira pamiyendo, Mzime amaona chipsera chili pamphumi, ndipo tsiku lina mwanayo adzafunsa kuti chinabwera bwanji.

Inu achinyamata amene mukuwerenga nkhaniyi, imvani bwino. Mulungu ndi wokhululukadi, ndipo aliyense wobwerera kwa Iye ndi mtima woona sabwezedwa. Koma chikhululuko chake ndi mankhwala a wolapa, si chilolezo cha wofuna kuchimwa. Ngati muli ndi masiku amene munadumphitsa, yambani kubweza pamene thupi likadali lamphamvu, Ramadani ina isanakupezeni. Ngati munanama, nenani zoona pamene amene munawanamizawo akadali ndi makutu omvera. Tsiku la kusala limabwezedwa. Mayi sabwezedwa.